Kadontho ka a Telala Kataima Kuseri kwa Fakitale ya Njerwa

KALABU YA OPALASA NJINGA A LOWERUKA
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Lamulungu, pa 16 Malichi
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu yokonzera njinga ya a Msungichuma
Nthawi: 3 koloko masana

Ine amene ndasayina kumapeto kwa zolembedwazi, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, kalaliki wa bwalo la milandu wopuma pa ntchito, ndiponso Mlembi wa kalabu ino chikhazikitsire, ndikutsimikiza kuti zotsatirazi ndizo zinayankhulidwa ndi kugwirizanidwa. Pamene kufupikitsa mawu a munthu kukanawachotsa mchere, ndawalemba monga momwe anatulukira m'kamwa.

Opezeka: Mayi Wapampando, Mlembi, a Msungichuma (eni shopu), a Kaputeni, a Namwino (oyang'anira chithandizo choyamba), a Telala (Wotseka Mzere).
Woitanidwa: mwana wamkazi wa a Telala. Si membala, analoledwa kuyankhula koma osavota.
Opepesa: Wachiwiri kwa Wapampando, amene akudwazika apongozi awo.

1. KUTSEGULA

1.1 Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, kenako anapempha a Msungichuma kuti azimitse makina opopera mpweya, amene amadzuka okha n'kumeza mawu a anthu. Mipando inali inayi. A Kaputeni anakhala pa kreti, a Msungichuma pa mulu wa matayala akale. Mwana wa a Telala anapatsidwa mpando koma anakana, ndipo anaima pafupi ndi khomo, pansi pa machubu olendewera pa misomali.

1.2 Wapampando anati mtima wawo wakhala pansi poona a Telala akulowa pakhomo ndi miyendo yawo, ngakhale phewa lili m'bandeji. Anthu anawomba m'manja. A Telala anati asawombe ngati pali mpikisano umene apambana, popeza chimene anachita ndi kugwa basi.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

2.1 Zinawerengedwa. A Kaputeni anapempha kuti afufutidwe mawu akuti "okana apu ndi anthu a m'nthawi ya telegalamu", ponena kuti sanatero (za apu, onani 3.1). Mlembi anayankha kuti anatero. A Namwino anachitira umboni. Mawuwo atsala momwe alili.

3. LIPOTI LA ZIMENE ZINACHITIKA LOWERUKA LA SABATA YATHA

3.1 Kwa amene adzawerenge m'tsogolo: lamulo lachisanu la kalabu limati pa ulendo uliwonse pakhale munthu mmodzi wopalasa kumbuyo kwa onse, wotchedwa Wotseka Mzere. Wophulikiridwa tayala amamudikira, wotopa amamuperekeza, ndipo pofika amawerenga mitu. A Telala agwira udindowu zaka zambiri. Apu yotchulidwa m'zolembedwazi ndi pulogalamu ya pa foni imene imaonetsa pamene wopalasa ali, ngati kadontho pa mapu, n'kusunganso mtunda ndi liwiro lake.

3.2 A Kaputeni anafotokoza kuti tsikulo gulu linadzera msewu wa ku fakitale yakale ya njerwa, n'kubwerera pa shopu bwinobwino. Anthu anakhala pa khonde akumwa tiyi, ena akuonetsana manambala a liwiro lawo. Kusaoneka kwa a Telala sikunadabwitse munthu, chifukwa iwo amafika pomaliza nthawi zonse. Owerenga mitu ndi iwowo, choncho mutu wawo sunawerengedwe.

3.3 Kenako mwana wa a Telala anaimbira a Kaputeni ali ku ntchito kwake, ku sitolo ya mankhwala. Anati bambo ake aima malo amodzi nthawi yaitali kupitirira fakitale. A Kaputeni anamuyankha kuti sangadziwe zimenezo, popeza a Telala anakana apu chiyambire. Iye anati: "Ali nayo. Eniake ndiwo sakudziwa. Dzukani pamene mwakhalapo."

3.4 A Kaputeni, a Namwino ndi a Msungichuma anathamangira kumeneko pa galimoto yonyamulira njinga. Anadutsa pamalopo osaona kanthu, chifukwa udzu ndi wautali ndipo ngalande ndi yakuya. Mwanayo, amene anali akadali pa foni, ndiye anawabweza. Anapeza a Telala atagona cham'mbali m'ngalandemo, njinga ili pamwamba pawo, thupi lili nyowe ndi thukuta lozizira, osazindikira munthu.

3.5 A Namwino, atalandira chilolezo cha a Telala, anati vuto linali kutsika kwa shuga. M'mawa umenewo a Telala anamwa mankhwala awo koma sanadye, pothamangira kumaliza kupinda buluku la kasitomala. Dokotala wapeza kuti mtima uli bwino, fupa silinathyoke, ndipo phewa likapola akhoza kupalasanso, malinga azidya. A Namwino anawonjezera kuti akanachedwa pang'ono, bwenzi komiti ino ikukambirana za nkhata zamaluwa.

3.6 Komiti inavomereza kuti lamulo lachisanu lili ndi bowo: limasamala aliyense kupatula wosamala anzakeyo.

4. GANIZO LA A KAPUTENI LOTI APU IKHALE YOKAKAMIZA KWA MEMBALA ALIYENSE

4.1 A Kaputeni anati safunika kunena zambiri, popeza umboni wakhala pa mpando uwo uli ndi bandeji. Anati apu imaonetsa pamene munthu wagwera, imalondolera alendo amene sadziwa misewu yathu, ndipo imasunga njira zabwino kuti zisaiwalike. Wapampando anawonjezera kuti atachitidwa opaleshoni ya bondo, chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali kuona mtunda wawo ukukula pang'onopang'ono. Pakadapanda apo njinga akanaigulitsa.

4.2 A Msungichuma anati walira mvula walira matope. Chibwerere apu, chitunda cha pa thanki yamadzi chasanduka bwalo la mpikisano, ndipo Lolemba lililonse amalandira matcheni oduka. Membala wina anawomba ngolo yoima m'mbali mwa msewu akuyang'ana foni. Mapu a munthu amayambira pa geti la nyumba yake, kutanthauza kuti akuba akuuzidwa mwaulemu kumene njinga yamtengo imagona ndi nthawi imene mwini wake palibe. Batire limatha, ndipo kutsidya kwa mlatho kulibe netiweki. Anamaliza ndi kuti: "Kale tikafika pamwamba pa chitunda tinkaona dziko. Lero tikuona mafoni."

4.3 A Kaputeni anati matcheni odukawo ndi amene akuphunzitsa ana a a Msungichuma. A Msungichuma anati n'zoona, ndipo mwana wawo woyamba akamaliza maphunziro adzamutumiza kukathokoza miyendo ya a Kaputeni. Wapampando anaitanitsa bata.

4.4 A Namwino anati onse awiri akunena zoona, koma apu imadziwa pamene pali foni, osati mmene munthu alili. Kadontho kakaima, ikhoza kukhala imfa, kukhozanso kukhala kutaya madzi kuseri kwa mtengo. Pamafunikabe munthu wochiyang'ana, ndi munthu wina wodzuka.

4.5 A Telala anaimirira, ngakhale anauzidwa kuti akhoza kuyankhula ali pansi. Anati akuthokoza onse amene anawatola, koma iwo si mbuzi yomangidwa belu m'khosi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, osadzera kwa Wapampando:

"Unaika liti chinthu chimenechi?"

"Tsiku lija munandipatsa foni kuti ndikukuzireni zilembo."

"Ndinakutuma zilembo."

"Zilembo ndinakuza, Ababa. Si mukuwerenga bwinobwino?"

"Ndiye miyezi yonseyi iwe ukudziwa kulikonse kumene ndaponda?"

"Kulikonse kwake kuti? Kogula ulusi, ku shopu kuno, ndi kometetsa, kumene mumakhalitsa chonsecho tsitsi mulibe."

4.6 Panali kuseka, kumene a Telala sanatengeko mbali. Wapampando anagamula kuti kulondola munthu wamkulu iye osadziwa n'kulakwa, ndipo kalabu singavomereze zimenezo ngakhale ikuyamika zotsatira zake. Mwana wa a Telala anati akuvomera kuti analakwa, ndipo atapatsidwa foniyo lero akhoza kulakwanso chimodzimodzi. Kuvota kunaimitsidwa mpaka nkhani yachisanu itamveka.

5. PEMPHO LOTI A TELALA ACHOTSEDWE PA MNDANDANDA WA OPALASA

5.1 Mwana wa a Telala anapempha kuti bambo ake asaloledwenso pa maulendo a kalabu, ndi kuti a Msungichuma asawabwezere njinga. Anati a Kaputeni akuyamikira apu chifukwa sanakhalepo mbali yoyang'anayo. Loweruka lililonse iye amaima pa kauntala foni ili pansi pa shelefu. Kadontho kakaima, mtima wake umaima, kakayenda, amapuma. Tsiku lina anatsala pang'ono kupatsa munthu mankhwala a m'makutu m'malo mwa a m'maso. Anati: "Loweruka lija ndinakayang'ana kadonthoko kali duu, ndikudzinamiza kuti akuthandiza wina kumata chubu. Kuona ndinkaona, koma dzanja langa silikanafika. Amayi anapita. Ndatsala ndi awawa, okanika momwe alilimu."

5.2 A Telala anayankha mofatsa. Anati sabata yonse amakhala m'chipinda chimodzi ndi makina osokera, ndipo anthu amene amawaona ndi obwera kudzayezedwa m'chiuno. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene amacheza ndi anthu iwo alibe tepi yoyezera m'khosi. Anati akalandidwa njinga sadzachita makani, koma mwana wawo adziwe kuti kugwa m'ngalande si njira yokhayo yotayira bambo.

5.3 A Kaputeni, pofuna kuthandiza, anati nkhaniyi njosavuta. Popeza apu yakhala ikusunga maulendo a a Telala miyezi yonseyi, manambala aonetsa kuti madala akadali ndi mphamvu. Anapempha foni ya a Telala kuti awerengere komiti. Wapampando anawakumbutsa kuti m'komiti mulibe madala, muli Wotseka Mzere. A Telala anaika dzanja pa thumba la malaya nati: "Musawerenge."

5.4 Atafunsidwa chifukwa, a Telala anapempha kuti zimene anene zilembedwe ndendende, kuti asadzazinenenso. Anati:

"Za belu ndanena zija ndi zoona, koma si zokhazo. Inu nonse mumati a Telala amapalasa pang'onopang'ono chifukwa cha udindo. Zinali choncho kale. Masiku ano, ndikakhala ndi womuperekeza, liwiro ndi lomwelo. Ndikatsala ndekha msewu uli pululu, ndikupalasa ndi mphamvu zanga zonse, liwiro ndi lomwelonso. Ndikakhala Wotseka Mzere, ndine munthu wa ntchito. Chinthu ichi chikatulutsa manambala anga pagulu, ndine nkhalamba yotsalira basi. N'chifukwa chake ndinkachikana."

5.5 A Msungichuma anati: "Achimwene, ndiye mumayesa chinsinsi chimenecho? Munthu wodziletsa liwiro amadya mabuleki. Anu ndinawasintha komaliza mwana wanuyu akadali pa sukulu."

A Telala anafunsa ngati ena onse ankadziwanso. A Namwino anati ankadziwa. Wapampando anati ankadziwa. Mlembi atafunsidwa anavomera. A Kaputeni anati iwo sankadziwa, chifukwa sanayang'anepo kumbuyo.

5.6 Wapampando anati nthawi imene bondo lawo linali losapola, anatsika n'kukankha njinga chitunda chonse cha pa thanki, ndipo a Telala anatsikanso n'kukankha yawo pambali, akuwafotokozera kasokedwe ka kolala mpaka pamwamba. Anati sakumbukira kuti pa tsikulo anafunsa liwiro la munthu. A Telala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Msonkhano unadikira.

5.7 A Namwino anapereka ganizo loti kumbuyo kuzikhala anthu awiri. Komiti inagwirizana nalo. Wapampando atafunsa wodzipereka, a Kaputeni anati mamembala ambiri sangalole, chifukwa kupalasa kumbuyo kumawononga manambala a sabata yonse, ndipo apu imaika pamwamba pa mndandanda munthu wothamanga kuposa onse. Wapampando anati ngati ndi choncho, apu yatisankhira kale munthu: amene wakhala pamwamba pa mndandandawo sabata ino, Loweruka lotsatira azipalasa kumbuyo limodzi ndi Wotseka Mzere, popeza ndi amene waonetsa kuti ali ndi mphamvu zotsala.

5.8 A Kaputeni anati kumeneko n'kuwalanga iwo okha, chifukwa pamwamba pamakhala iwo sabata iliyonse. A Msungichuma anawatonthoza kuti sizidzatero: sabata imene ali kumbuyo adzatsika pa mndandanda, wina adzakwera, choncho chilangocho chizidumpha sabata. A Kaputeni anafunsa kuti nanga anthu akayamba kuchepetsa dala liwiro poopa kupambana? A Msungichuma anati pamenepo matcheni apuma, ndipo ana awo adzasiyira sukulu panjira, koma alolera.

5.9 Wapampando anafunsa a Telala ngati kuperekezedwa sikuwachotsera ulemu. Iwo anati kuyenda awiri si mantha, ndipo mnyamatayu, kunena a Kaputeni, akhoza kuphunzirapo kuti m'mbali mwa msewu muli mitengo.

5.10 Wapampando anafunsa mwana wa a Telala ngati pempho lake lilipobe. Iye anayang'ana a Kaputeni nati:

"Achimwene, ndikufunseni. Bambo anga akadzaima pa chitunda, muima pomwepo, kapena mufika kaye pamwamba kuti foni yanu isakunyozeni?"

A Kaputeni anadzuka pa kreti lija n'kuyankha mopanda nthabwala. Anati iwo ndi amene ananyamula a Telala kuchokera m'ngalande, ndipo anapepuka m'manja kuposa momwe ankaganizira. Anati tsiku limene ali kumbuyo, apu yawo yowerengera liwiro izikhala yozimitsa.

5.11 Mwana wa a Telala anati akubweza pempho lake, osati chifukwa mantha atha, koma chifukwa nkhope ya bambo ake sabata ino, ali m'nyumba, yamuopsa kuposa ngalande. Anaika mfundo ziwiri. Yoyamba, bambo ake azidya pa shopu pano a Namwino akuona, osati kungonena kuti adya. Yachiwiri, kadontho kakhalepo, koma iye asakaonenso. Akayang'ane wina amene ali pafupi ndipo dzanja lake likhoza kufika. A Telala anavomera zonse ziwiri, n'kuwonjezera yawo: kadonthoko kazioneka Loweruka lokha, pa ulendo pokha, ndipo manambala a liwiro lawo asatuluke kwa munthu.

5.12 Pamaso pa komiti, mwanayo anachotsa apu imene anaika mobisa. A Telala anati yatsopanoyo aika okha. Anayesa kwa kanthawi ndithu. Kenako anatambasula dzanja nati: "Tabwera, mwanawe. Zala izi zinazolowera singano. Koma uzindiuza chilichonse chimene ukudina." Iye anachoka pakhomo paja, nagwada pambali pa mpando wawo, ndipo anawauza.

6. ZIGAMULO

6.1 Ganizo loti apu ikhale yokakamiza kwa onse linabwezedwa ndi mwini wake. M'malo mwake: aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito kapena ayi, oigwiritsa ntchito aziiyatsa atafika pa shopu, osati pa geti la nyumba, ndipo woyang'ana foni njinga ikuyenda adzachenjezedwa. Onse anavomera.

6.2 Lamulo lachisanu lisinthidwe monga pa 5.7. Ovomera anayi. Wokana mmodzi, a Kaputeni, amene anapempha kuti zilembedwe kuti akana pofuna kusunga mbiri yawo chabe, koma adzamvera. A Telala sanavote, popeza nkhaniyo imawakhudza.

6.3 A Telala akhalabe membala ndiponso Wotseka Mzere. Adzayambiranso a Namwino akadzaona kuti phewa lapola.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 A Msungichuma anadandaula kuti makapu a tiyi akusiyidwa osatsuka m'beseni limene amayeseramo machubu, ndipo sabata yatha anavutika kusiyanitsa thovu la bowo ndi la mkaka. Mamembala akumbutsidwe.

7.2 A Telala anati kasitomala wa buluku lija sanabwerebe kudzalitenga. Komiti inamva, koma inalibe mphamvu pa nkhaniyi.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

8.1 Msonkhano wotsatira udzakhala Lamulungu loyamba la mwezi wa Epulo, malo ndi nthawi zomwezi. Wapampando anathokoza onse, makamaka woitanidwa, ndipo anatseka 5 koloko itangodutsa.

9. ZOPITA KWA ALIYENSE

(a) Kwa Wapampando ndi Mlembi: lamulo lachisanu, kuti alilembenso ndi kuliwerengera mamembala onse Loweruka likudzali ulendo usanayambe.

(b) Kwa a Msungichuma: njinga ya a Telala, kuti awongole gudumu la kutsogolo ndi kuibwezera kwa mwini wake.

(c) Kwa a Namwino: kadontho ka a Telala, Loweruka lokha, ndiponso maswiti a m'chikwama cha chithandizo choyamba, amene sali ogawira aliyense wopempha.

(d) Kwa a Kaputeni, kapena aliyense amene adzawaposa: malo a kumbuyo, kumbali yodutsa magalimoto, pamodzi ndi pampu ndi chubu chapadera.

(e) Kwa a Telala: udindo wawo, njinga yawo, ndi chakudya cha m'mawa, chimene adzadye atakhala pansi.

(f) Kwa mwana wawo: chiyamiko cha komiti yonse. Ntchito palibe. Loweruka foni yake ikhale m'chikwama.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________